NYIMBO ZA MAGITALA ZIMAOLOKA BWANJI MALIRE?

Boma lathu la Chifunde lili pa malire. Tikatsata mseu waukulu wocokera ku Tete timafika pa Cassacatiza. Tikadutsa pamenepo tili pa Chanida, m'dziko la Zambia, ndipo kutsogolo kwake kuli Katete. Munthu woyenda amaonetsa cikalata. Galimoto imaima pa cipata. Koma nyimbo siima. Palibe mlonda amene anaifunsapo cikalata.

Malire amenewa sanaike makolo athu. Anapangana ndi Apwitikizi ndi Angelezi m'caka ca 1891, nadula dziko la Acewa pakati. Komabe mpaka lero, mwezi wa Ogasiti, Acewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Ng'oma za gule n'zimodzi, cinenero n'cimodzi.

Ife amene timaphunzitsa m'sukulu za akulu tinabadwa nkhondo itatha kale. Tili ndi anzathu ambiri oimba. Ena amapanga banjo ndi cigubu ca mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga. Ena anagula gitala ku Chipata kapena ku Tete. Iwo amatifunsa kuti: "Kodi kuti timveke kunja, tisiye Cinyanja tiyambe kuimba m'Cingelezi?" Makolo aonso amatifunsa kuti: "Kodi gitala angadyetse munthu?"

Mafunso awa ndi aakulu. Kuti tiwayankhe, tiyeni tione zimene zinacitikira anansi athu a ku Zambia, amene anaimba nyimbo zochedwa rock.

Kodi rock n'ciani?

Rock ndi nyimbo za magitala amagetsi ndi ng'oma. Kawiri-kawiri gulu limakhala ndi anthu anai kapena asanu. Wina amaimba gitala wotsogolera, wina gitala wa mau aakulu wochedwa besi, wina ng'oma, wina amaimba ndi pakamwa. Magitala amalumikizidwa ku cokuzira mau, motero phokoso limamveka kutali.

Nyimbozi zinayamba ku America m'zaka za m'ma 1950. Muzu wake ndi nyimbo za anthu akuda a kumeneko, zidzukulu za anthu amene anatengedwa ukapolo kuno ku Africa. Kucokera ku America zinaoloka nyanja kupita ku England. Kumeneko kunabuka magulu monga Beatles a ku Liverpool ndi Rolling Stones a ku London. Ku America kunali Jimi Hendrix, munthu wakuda wodziwa gitala kwambiri, amene anamwalira mu 1970.

Anthu amenewa anali kukhala kutali ndi ife. Nanga mau ao anafika bwanji kuno? Njira zinali zitatu.

Njira yoyamba: wailesi

Mau a pa wailesi amayenda m'mlengalenga ngati mafunde. Mafunde ena amakwera kumwamba, amagunda mpweya wa kutali, ndi kubwerera pansi patapita mtunda wa makilomita mazana-mazana. N'cifukwa cake wailesi imakoka mau a maiko ena, makamaka usiku.

Ku Lusaka nyumba ya wailesi inayamba mu 1941. Mu 1949 kunabwera wailesi yochipa ya mabatire. Bokosi lake linali lofanana ndi sefuliya, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5. Anthu ambiri a kumidzi ndi a kumigodi anagula wailesi yao yoyamba nthawi imeneyo, namva nkhani ndi nyimbo m'Cinyanja.

M'dziko lathu munalinso nyumba ya wailesi yochuka. Dzina lake linali LM Radio, ndipo inali ku Lourenço Marques, mzinda umene lero timati Maputo. Inali kulankhula Cingelezi ndi kuika nyimbo zatsopano za ku America ndi England. Wailesi ya boma ya ku South Africa inali kuletsa nyimbo zina, ndipo mu 1966 inaletsa za Beatles. Acinyamata a kumeneko anali kukonda kutsegula LM Radio. Mau ake anali kufikanso ku Rhodesia ndi ku migodi ya mkuwa ya ku Zambia. Inatsekedwa mu Okutobala 1975, dziko lathu litalandira ufulu.

Mmodzi wa anyamata amene anali kumvera wailesi ya ku Mozambique anali Emmanuel Chanda wa ku Kitwe. Anzake ataona mmene anali kuvinira ndi kuimbira, anamufanizira ndi Mick Jagger wa Rolling Stones. Pa dzina limenelo panacokera dzina lake lakuti Jagari. Iye anakhala woimba wamkulu wa gulu lochedwa WITCH.

Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964. Mkuwa unali ndi mtengo wabwino. Ogwira nchito ku Kitwe, Ndola ndi Chingola anali ndi ndalama zogulira wailesi ndi zolipira pa khomo la dansi. Poyamba anyamata anali kungotengera nyimbo za azungu. Pambuyo pake anayamba kupeka zao. Anasakaniza magitala amagetsi ndi kaombedwe ka ng'oma za kwao, naimba m'Cingelezi, m'Cibemba ndi m'Cinyanja. Nyimbo zimenezi zinachedwa Zamrock.

Capakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene nayenso anali kuimba gitala, analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoikidwa pa wailesi, 95 zikhale za ku Zambia. Lamulo limeneli linapatsa oimba nchito. Wailesi inali kufuna nyimbo zambiri, ndipo magulu anaculuka.

Akulu ena a m'makalasi athu amatiuza kuti masiku amenewo wailesi ya Zambia inali kumveka bwino kuno kuposa ya ku Maputo, ndipo inali kulankhula cinenero cao. Taonani ulendo wake, abale. Nyimbo inacoka ku America, inafika ku Maputo, inakwera ku Kitwe, inaphunzira Cinyanja ku Lusaka, ndipo inatsikira ku Chifunde. Yonseyi inayenda popanda cikalata.

Njira yaciwiri: mbale

Mau a pa wailesi amapita ndi mphepo. Ukawamva lero, mawa kulibe. Kuti nyimbo ikhalitse, iyenera kujambulidwa.

Kale nchito imeneyi inali yovuta. Gulu linali kulowa m'nyumba yojambulira mau. Nyimbo inali kulowa pa tepi yaikulu. Tepi imeneyo ndiyo inali mbeu. Anali kupita nayo ku fakitale kumene anali kudinda mbale zakuda zambiri-mbiri. Pa mbale pali timizere tating'ono. Singano ya galamafoni ikamayenda m'timizeremo, mau amatuluka.

Pamene a WITCH anajambula cimbale cao coyamba, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, anatenga tepi kupita nayo ku Nairobi, m'dziko la Kenya, kuti akadinde mbale. Anabwera nazo okha, nazigulitsa okha kwa anthu obwera ku dansi. Pambuyo pake ku Ndola kunali makampani awiri othandiza oimba: Teal Record Company, ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, munthu wocokera ku Zimbabwe. Mu 1975 a WITCH anatulutsa cimbale cochedwa Lazy Bones, ndipo gulu la Amanaz la ku Kitwe linatulutsa cochedwa Africa.

Mbale imalowa m'sutukesi. Woyendetsa lole amaigula, wopita ku migodi amabwera nayo kumudzi. Pambuyo pa mbale kunabwera kaseti, yaing'ono yolowa m'thumba. Pa nkhondo imene inatha pa 4 Okutobala 1992, abale athu ambiri anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena ku Ukwimi kufupi ndi Petauke. Pobwerera, ena anasenza wailesi ndi makaseti pamodzi ndi makasu ndi mapoto. Nyimbo za anansi athu zinalowa m'midzi yathu ndi katundu ameneyo.

Njira yacitatu: ulendo wa oimba eni ake

Makolo anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Woimba amene afuna kudziwika ayenera kuyenda, anthu amuone ndi maso.

Mu Disembala 1970, James Brown wa ku America anaimba ku Zambia. Anyamata amene anamuona anaphunzira mmene woimba amagwirira khamu la anthu. Gulu la Musi-O-Tunya, la Rikki Ililonga ndi anzake, linapita kukakhala ku Kenya, kumene linaimba ndi kujambula nyimbo. A WITCH anakaimba ku Malawi ndi ku maiko ena oyandikana nao.

M'dziko lathu, mu Julaye 1989, nkhondo ili m'kati, Eric Clapton wa ku England anaimba pa bwalo la Machava kufupi ndi Maputo, pamaso pa khamu lalikulu. Mu 1991 gulu lathu la Ghorwane linapita ku England kukajambula nyimbo ku Real World, nyumba yojambulira ya Peter Gabriel, woimba wa rock wa kumeneko. Cimbale cao Majurugenta cinatuluka mu 1993. A Ghorwane sanali kuimba rock. Anali kuimba nyimbo za kumwera kwa dziko lathu, m'zinenero za kwao. Koma njira anawatsegulira ndi woimba mnzao wa kutsidya kwa nyanja. Oimba amakokana dzanja.

Ulendo wa woimba si wofanana ndi wa mau a pa wailesi. Woimba ndi munthu. Amafuna pasipoti, cilolezo colowera m'dziko la eni, ndalama za ulendo, ndi munthu womuitana amene wakonza bwalo. Apa ndi pamene ambiri amalepherera.

Pamene magitala anatonthola

Nyengo ya Zamrock siinakhalitse. Capakati pa zaka za m'ma 1970 mtengo wa mkuwa unagwa. Ndalama zinasowa m'matumba. Munthu anali kusankha pakati pa thumba la ufa ndi mbale ya nyimbo, ndipo ufa unali kupambana.

Kenaka kunabwera mavuto a nkhondo ya ku Rhodesia. Zambia inali kusunga omenyera ufulu, ndipo mu 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba m'dzikomo. Boma linaletsa kuyenda usiku. Dansi ya usiku inafa. Eni mabala anaona kuti kuika mbale za disko n'kochipa kusiyana ndi kulipira gulu la anthu asanu. Makaseti okopera mwakuba anadzaza m'misika, ndipo woimba sanali kulandirapo kanthu. Anthu anatembenukiranso ku nyimbo za kalindula.

Pomaliza panabwera matenda a Edzi. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 oimba ambiri a Zamrock anamwalira akali ndi mphamvu. Pa anthu amene anayamba gulu la WITCH anatsala Jagari yekha. Iye anali atasiya gululo kale, naphunzira uphunzitsi. Pambuyo pake anapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja lake. Acinyamata ambiri a ku Zambia anakula osadziwa dzina lake.

Mbeu imene inasungidwa

Mlimi amadziwa kuti njala ingakule bwanji, mbeu sadya yonse. Nyimbo nazonso zili ndi mbeu yake.

Rikki Ililonga anasunga matepi ake oyamba kwa zaka zambiri. Mbale zina zakale zinatsala m'nyumba za anthu, ndipo okonda nyimbo a ku Ulaya ndi ku America anayamba kuzifunafuna. Pa cikuto ca mbale iliyonse panali maina a oimba, dzina la kampani ndi mzinda. Maina amenewa ndiwo anatsogolera alendo kwa eni nyimbo.

Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inapangana ndi Rikki Ililonga, ndipo inatulutsanso nyimbo zake mu 2010. Mu 2012 inatulutsanso za WITCH. Mu 2017 inasonkhanitsa nyimbo za magulu ambiri pansi pa dzina lakuti Welcome to Zamrock.

Mnyamata wina wa ku Italy, Gio Arlotta, anamva nyimbozi napita ku Zambia kukafuna Jagari. Anajambula kanema wa moyo wake, amene anatuluka mu 2019. Gulu la WITCH linadzukanso. Jagari anagwirizana ndi Patrick Mwondela, amene anaimba m'gululo m'zaka za m'ma 1980, pamodzi ndi oimba acinyamata a ku Ulaya monga Jacco Gardner wa ku Netherlands. Mu 2017 anayenda ku Ulaya, Jagari atapitirira zaka 60. Pambuyo pake anakaimba ku America. Mu 2023 anatulutsa cimbale catsopano cochedwa Zango, cimene anajambula ku Lusaka. Sunga khosi, mkanda uoneka.

Cinyanja cimveka ku America

Tsopano tifike pa funso la anzathu lija, lakuti kodi tisiye cinenero cathu.

Paul Ngozi anabadwa mu 1949. Dzina lake leni-leni linali Paul Dobson Nyirongo. Gulu lake linali Ngozi Family. Anali kuimba gitala mwaukali, nthawi zina ndi mano. Nyimbo zake zinali za moyo wa anthu wamba a m'makomboni a Lusaka, ndipo zambiri zinali m'Cinyanja. Mu 1977 anatulutsa cimbale cochedwa 45,000 Volts. Anamwalira mu 1989, ali ndi zaka 40. Ku Kabwata, mu Lusaka, kuli mseu wa dzina lake.

Mu Okutobala 2024, woimba wochuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yochedwa Noid. M'kati mwake anaikamo cigawo ca nyimbo ya m'cimbale cija ca 1977, yochedwa Nizakupanga Ngozi. Sanamasulire mau. Liu la Paul Ngozi likumveka momwemo, m'Cinyanja, likudzudzula mlendo wopanda ulemu ndi wokonda miseche. Cimbale ca Tyler cinakhala coyamba pa mndandanda wa zimbale zokondedwa ku America. Anthu mamiliyoni ambiri anamva cinenero cathu, ndipo ena anayamba kufunsa tanthauzo lake.

Caka ca 2023, woimba wina wa ku America, Travis Scott, anacita cimodzimodzi ndi nyimbo ya Amanaz.

Tiganize bwino. Ku America kuli magulu a rock osawerengeka oimba m'Cingelezi. Mlendo wocokera kumeneko sabwera kudzafuna zimene wasiya kwao. Cimene cinakopa anthu awa ndi cimene sanali naco: kaombedwe ka ng'oma za kuno, kayankhidwe ka nyimbo za kuno, ndi mau a kuno. A WITCH anaimba nyimbo zambiri m'Cingelezi, ndipo palibe colakwa pamenepo. Koma Paul Ngozi watisonyeza kuti Cinyanja sicitseka njira. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Njira ya lero: foni

Lero njira yafupika. Mnyamata wa ku Mualadzi kapena ku N'sadzu amachaja foni ndi sola. Amapita pa msika, amathiritsa nyimbo mu memori khadi, amatumizira mnzake pa WhatsApp. Amene ali ndi intaneti amaika nyimbo yake pa YouTube kapena pa Facebook, ndipo mbale wake wa ku Johannesburg amaimva tsiku lomwelo. Ulendo wa ku Nairobi sufunikanso.

Koma njira yofupika ili ndi mavuto ake. Pa intaneti pali nyimbo zoculuka ngati mcenga, ndipo yathu ingasocere. Nyimbo yoyenda pa memori khadi kawiri-kawiri imataya dzina la mwini wake. Imafika ku Lilongwe, anthu amavina, koma sadziwa kuti anaimba ndani. Foni ikagwera m'madzi, nyimbo zonse zapita.

Nanga phindu limapita kwa yani?

Apa tiyankhe makolo, ndipo tinene zoona. Gitala sanalemeretse oimba ambiri a Zamrock. Paul Ngozi sanaone tsiku limene liu lake linamveka ku America. Panali patapita zaka 35 iye atamwalira. Jagari anadikira zaka zambiri ali ku miyala. Nyimbo imaoloka malire msanga, koma ndalama zimabwerera pang'ono-pang'ono, ndipo nthawi zina sizibwerera konse.

Komabe lamulo lilipo. Nyimbo ndi cuma ca amene anaipeka, monga munda uli wa amene anaulima. Wina akafuna kuigwiritsa nchito pa malonda ayenera kupempha ndi kulipira. Mwini akamwalira, ufulu umenewo umatsala kwa banja lake kwa zaka 50 kapena 70, malinga ndi lamulo la dziko. Pali mabungwe oyang'anira zimenezi: SOMAS ku Mozambique, ZAMCOPS ku Zambia, COSOMA ku Malawi. Koma bungwe silingathandize munthu amene dzina lake silinalembedwe pa nyimbo yake.

Tiwauze ciani oimba athu?

Coyamba, aimbe zao. Amvere nyimbo za maiko ena, aphunzireko, monga Jagari anaphunzira pa wailesi ya ku Maputo. Koma asataye ng'oma za kwao ndi cinenero ca amai ao.

Caciwiri, asunge mbeu. Nyimbo ikajambulidwa isungidwe malo awiri kapena atatu, osati m'foni imodzi. Mau ake alembedwe m'buku, pamodzi ndi tsiku ndi maina a onse amene anaimba.

Cacitatu, dzina la woimba ndi mudzi wake ziyende pamodzi ndi nyimbo kulikonse kumene ipita.

Cacinai, munthu akabwera ndi pepala la cipangano, asasaine mofulumira. Awerenge, afunse, aitane mboni. Adziwe ngati akubwereketsa nyimbo kapena akuigulitsiratu.

Cacisanu, asasiye khasu. Nyengo ya nyimbo imabwera ndi kupita, monga tinaonera ku Zambia pamene mkuwa unagwa.

Ndipo inu amai ndi abambo, mukamva mwana akuliza banjo madzulo atacoka kumunda, musamuthamangitse. Mumvereni. Muphunzitseni nyimbo za pamtondo ndi za kudambo la mpunga, za cinamwali zimene zingaimbidwe poyera, ndi za maliro. Iye adzaziika pa waya wa gitala. Tisunge zimene tili nazo, tizilembe maina, kuti wobwera kudzazifuna atipeze.

Mafunso okambirana

1. Chulani njira zitatu zimene nyimbo za rock zinayendamo kale.
2. Kodi LM Radio inali kuti, ndipo inatsekedwa caka canji?
3. N'cifukwa ciani a WITCH anapita ndi tepi yao ku Nairobi?
4. Ndi zinthu ziti zimene zinatontholetsa magulu a Zamrock?
5. Kodi nyimbo ya Paul Ngozi inafika bwanji ku America?
6. M'mudzi mwanu muli oimba angati? Nyimbo zao zimasungidwa bwanji?
7. Lembani dzina la nyimbo imodzi ya kwanu, ndi dzina la amene anaipeka.